Nsanja ya Kumpoto Ikudikira Woyankha

Eschenroda, ku Thuringia
9 Disembala 1650

Okondedwa achimwene anga a Melchior,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino ku Danzig kumeneko, inu ndi alamu anga ndi ana, ndiponso kuti nsomba za mchere mumadya kunyanjako sizinakuumitseni kukhosi. Kuno ine ndili bwino moti anthu akandiona amadabwa. Ndevu zafika pachifuwa, ndipo mawu anga akula kuposa mmene munawasiyira. Sabata yatha ndinangoyetsemula pamsika, hatchi ya wogaya tirigu n'kuthawa ndi ngolo yomwe. Funsani aliyense. Masiku ano wonditsutsa palibe.

Si kalata yoyamba iyi, koma sindikudandaula ayi. Ndikudziwa kuti wangolo amene amatinyamulira makalata ali ndi hatchi yanjala, mwina mayankho anu onse ali m'mimba mwa hatchiyo. Ino ndaikulunga m'chikopa kuti ikati itafune ithyoke mano.

Ndiyambe ndi nkhani yeniyeni ndisanasochere, poti aphunzitsi athu ankati ine ndikayamba kulankhula ndimakhala ngati mgolo wogubuduzika potsetsereka. Denga la tchalitchi likudontha, ndipo matabwa abwino m'mudzi muno anatha kalekale, asilikali anawothera moto. Abusa atsopano alamula kuti ngati pofika Pasaka sipapezeka munthu woyimbira pa nsanja ya kwaya ya kumpoto m'tchalitchimo, nsanjayo igwetsedwe, matabwa ake akhomedwe padenga. Wogwetsayo ndani? Ine, poti wokhoma migolo ndatsala ndekha, ndipo wina wodziwa kugwira nyundo osadzimenya chala kulibe. Achimwene, ndikunena nsanja yanu ija, pamene munasema dzina lanu ndi mpeni, aphunzitsi n'kukukokani khutu mpaka linatalika kuposa linzake. Dzinalo likadalipo. Khutulo sindikudziwa.

Mukukumbukira mmene tinkayimbira? Ife kum'mwera, inu kumpoto, anthu pansi pakati pathu. Ife tikaponya mawu, inu n'kubweza, nyimbo n'kumadutsa pamwamba pa mitu ya anthu ngati namzeze. Ine ndi mawu anga aja ogwedeza mawindo, inu ndi timawu tanu tonga ta udzudzu wodwala. Komabe ndivomere, udzudzuwo ukangoyamba, amayi onse ankatulutsa mipango yopukutira misozi. Ine ndikayimba ankangogwira zipewa kuti zisauluke.

Nthawi imene ija nsanja zonse ziwiri zinkalira ndi kulemera kwa anthu. Mudachoka zinthu zitayamba kale kuipa, koma zotsatira simunazione. Asilikali anazula zitoliro za limba n'kukazisungunula kuti apange zipolopolo. Mliri unatenga amene nkhondo inawasiya. Lero akuti mtendere wabwera, mabelu analira, koma kwaya yonse ya Eschenroda ndi anthu awiri: ine ndi a Kilian, wosoka nsapato uja. Mano onse anawathera, moti akamayimba zimamveka ngati munthu akuuzira supu yotentha.

Tsono aphunzitsi athu a Rübsam anatisiya mwezi watha. Khalani pansi, achimwene, ndikufotokozereni bwinobwino, chifukwa nkhani ya nsanjayi yachokera pomwepo.

Masamba atayamba kuyoyoka, anatuma mayi Kunigunde, wamasiye amene ankawaphikira, kuti atiyitane ine ndi a Kilian. Tinawapeza ali pabedi, ataonda ngati ndodo yawo ija ankatimenyera. Monga amachitira anthu olongosoka, anali atasankhiratu mawu a pamaliro awo, ndipo poti iwo ndi iwo, anawapekeranso nyimbo.

"Jobst, tseka chitseko ndi pakamwa," anatero ndisanapereke ndi moni womwe. "Ndikufa chisanu chino. Sindikufuna kuti mudzandichititse manyazi ndili m'bokosi mmene sindingathe kukumenyani. Tiphunzira ndikadali moyo."

"Aphunzitsi, inu simungafe," ndinatero ine. "Imfa ikabwera ndidzangoikuwa kamodzi, idzathawira kudziko la Aswidi."

"Ikuwe usanadye adyo, mwina idzapirira," anatero a Kilian.

Anatipatsa mapepala, aliyense la mawu ake. Achimwene, pa nyimbo zonse zimene munthu uja anatiphunzitsa, yonga iyi sindinaionepo. Mawu ake ndi ochepa, koma amawapotokola mpaka atuluke madzi. Pamene pakuti "ndatsikira m'chigwa", mawu anga amatsika, kutsika, kutsikabe, mpaka ndimawamva m'nsapato. Pamene pakuti "kuwawa", mawu anga ndi a a Kilian amakhulana ngati sowo yakumana ndi msomali.

"Apa mwalakwitsa, aphunzitsi," ndinawauza. "Matenda akusokonezani. Sizikukoma m'khutu."

"Mbuli iwe, unamvapo ululu ukukoma?" anandiyankha. "Khala pomwepo, usathawe. Gwira mawuwo mpaka akupweteke, kenako ndikumasula."

Ndipo zoonadi, ukapirira pang'ono, mawu a a Kilian amatsetsereka n'kugona bwinobwino pa anga, mtima n'kukhala pansi ngati munthu wavula nsapato yothina.

Kenako pamabwera funso. Ife a kum'mwera timayimba kuti, "Ndaitana, kodi aliko wondimva?" Timafunsa katatu, ulendo uliwonse mokweza kuposa poyamba. Ndipo funso lililonse liyenera kuyankhidwa kuchokera ku nsanja ya kumpoto, ndi mawu amodzi okha, ang'ono, okwera, ngati ochokera kutali kumene kuli odala: "Takumva. Bwera, kuno kulibe chisanu."

Pepala lachitatulo linali pabulangete. Pamwamba pake analembapo dzina lanu.

"Aphunzitsi, a Melchior ali kunyanja," ndinatero.

"Ndikudziwa kumene ali. Koma polemba ndinkamva mawu ake, nanga ndikanatani?"

"Ndiye a Kilian akwere kumpoto."

"Kilian sangafike pamwamba pamenepo ngakhale utamuponda chala. Komanso akachoka, akupweteka ndani pa kuwawa paja? Malo a Melchior mudzawasiya choncho. Mukafunsa, muzikhala chete, muziwerenga mumtima mpaka yankho lonse lithe, kenako muzifunsanso."

Achimwene, mumandidziwa. Ine kukhala chete? Mayi athu ankati ndinayamba kulankhula ndisanabadwe, ankandimva m'mimba ndikutsutsana ndi nsawawa zimene adya. Ndiye ndinapita kunyumba ndikuganiza kuti munthu wamkuluyu matenda amulowa m'mutu. Maliro a mphunzitsi wa nyimbo, anthu a midzi yonse atabwera, ife n'kumangoti kukamwa yasa ngati taiwala? Anthu a mudzi woyandikana nafe wa Lindenau akanatiseka mpaka tsiku lachiweruzo. Choncho ndinapeza nzeru, ndipo inali nzeru yoti ngakhale madokotala a ku Jena sakanaiganiza. Ndinaloweza mbali yanu mwakachetechete ndikukhoma migolo.

Tsiku loyeserera m'tchalitchi, tinawanyamula a Rübsam pa wilibala yanga, titawafunditsa mabulangete, n'kuwaika pakati penipeni pamene padzakhale bokosi. Mayi Kunigunde anaima pambali ndi njerwa yotentha yowaikira kumapazi. Ine ndi a Kilian tinakwera kum'mwera. Tinatsikira m'chigwa bwinobwino, tinakhulana pa kuwawa, ndipo ndinafunsa funso lija ndi mawu oti nkhunda za pansanja ya belu zinasamuka.

Nditangotseka pakamwa, ndinaliyatsa liwiro. Kutsika makwerero, kudutsa kutsogolo kwa guwa, kudumpha wilibala ya aphunzitsi, kukwera kumpoto. Mphepo yanga inazimitsa makandulo amene anali asanayatsidwe n'komwe. Thabwa limodzi la makwerero linathyoka, mwendo n'kulowa mpaka m'bondo, koma ndinauzula n'kufika. Ndinafinya kukhosi kuti nditulutse kaudzudzu kanu kaja, ndipo ndinayimba ndili wefuwefu: "Ta... takumva... bwe... bwera..."

A Kilian anaseka mpaka anakhala pansi. "Mngelo wa chifuwa cha mphumu!" anakuwa. "Kumwamba kukakhala kotero, ine ndatsala konkuno!"

Mayi Kunigunde anabisa nkhope m'nsalu, mapewa akugwedezeka. Koma aphunzitsi sanaseke. Anandikodola ndi chala, ndipo ndinatsika ndikutsimphina.

"Jobst, mbuzi ya munthu iwe, gwada ndikufikire." Ndinagwada. Anandigwira khutu, koma dzanja linalibe mphamvu, linangokhala ngati likundisisita. "Amene amadzifunsa n'kudziyankha yekha ndi ndani?"

"Woledzera, aphunzitsi."

"Kapena wamisala. Iwe ndiwe uti?"

"Koma anthu adzati taiwala nyimbo."

"Adzanene. Tandiuza, m'mudzi muno ilipo nyumba imene saitana munthu amene sakuyankha? Ilipo?" Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kuyang'ana njerwa ya kumapazi kwawo. "Kukhala chete kuja ndakulemba ndine, monga ndalembera mawu enawo. Si dzenje loti ulikwirire. Ukadzayerekeza kuthamanga pamaliro anga, ndidzadzuka."

Ndinalonjeza. Pobwerera pa wilibala anandiuza kuti pepala lanu ndikaliike pa nsanja ya kumpoto, ndilitsindike ndi mwala kuti mphepo isaliulutse. "Akadzabwera mudzaiyimbe yonse," anatero. "Ine ndidzamvera komweko. Pakali pano ikhale yoperewera, monga tilili."

Anamwalira chipale choyamba chitangogwa. Bokosi ndinakhoma ndine, ndipo a Kilian akuti linatuluka ndi kamimba ngati mgolo, koma ndi nsanje chabe. Bokosi lokongola chotero ngakhale kalonga sanagonemo.

Anthu anabwera, amene atsala. Kale pamaliro otere ena ankaima panja, koma tsiku limenelo aliyense akanatha kugona pa benchi yakeyake. Pakati pa tchalitchi panali bokosi, pambali pake ndowa yanga yolandira madzi a padenga. Tinayamba. Ndinatsika m'chigwa mozama kuposa kale lonse, moti pansi panagwedezeka, abusa n'kugwira guwa. Kenako ndinafunsa: "Ndaitana, kodi aliko wondimva?"

Ndipo ndinatseka pakamwa.

Achimwene, ndanyamulapo migolo yodzaza mowa, umodzi phewa ili wina phewa ili, koma chinthu cholemera ngati kukhala chete kumene kuja sindinachinyamulepo. Miyendo inkafuna kuthamanga yokha. Ndinaluma lilime. Anthu onse anatembenukira ku nsanja ya kumpoto, poti makutu awo anazolowera kuyambira ali ana kuti kum'mwera kukafunsa, kumpoto kumayankha. Anapeza nsanja yopanda munthu, kapepala ndi mwala basi. Munkangomveka dontho la padenga likugwera m'ndowa. Tho. Tho.

Tinafunsa kachiwiri, mokweza. Chete. Apa palibe anakhosomola, palibe anasuntha phazi. Wogaya tirigu uja, munthu amene anaika ana ake onse m'manda osagwetsa msozi, ndinamuona milomo ikuyenda, akutchula maina. Mayi Kunigunde anali atatambasula dzanja pa benchi pambali pawo, pamene ankakhala amuna awo. Palibe anaganiza kuti taiwala. Aliyense anadziwa amene sakuyankhayo, ndipo aliyense anali ndi wake.

Kachitatu ndinafunsa ndi mawu anga onse, ndipo pamenepo ndi pamene ndinalakwitsa. Sindinathamange ayi. Ndinayang'ana pansi pa nsanja yanu, ku benchi ya mlamu wanu, kumapeto kwenikweni pafupi ndi mzati.

Ndazungulira mokwanira, achimwene. Cholembera chakhala chikukana kuyambira pamwamba paja. Apollonia kulibe. Mkazi wanga anandisiya nthawi yokolola tirigu. Chinali chifuwa, sichinatenge nthawi. Tinamuika kuseri kwa tchalitchi, pafupi ndi mayi athu. Pamaliro ake ndinayimba, ndinalankhula, ndinaseketsa anthu, ndinathokoza aliyense amene anabwera ndi buledi, moti onse anati Jobst ndi mwamuna wolimba. Kuyambira tsiku limenelo sindinasiye kulankhula. Ndimalankhula ndi migolo, ndi mbuzi, ndi mphika. Ndimadzifunsa kuti supu ya kabichi yakoma, n'kudziyankha kuti yakoma zedi, Jobst, ngakhale kwa mfumu saphika chonchi. Aphunzitsi ankadziwa. Nyumba yawo ndi yathu zayang'anizana, ankandimva.

Mukukumbukira mmene ankachitira mlamu wanu? Ndikati ndagwira nsomba yaitali ngati benchi, iye osatembenuka n'komwe pamoto: "Bodza, Jobst." Ndikati mawu anga anathyola windo la ku Lindenau: "Bodza, Jobst, idya." Zaka zonsezi ndinkayesa kuti amandidula mawu. Sindinkadziwa kuti inali nyimbo ya nsanja ziwiri.

Ndiye pa funso lachitatu lija, nditatseka pakamwa, kwa nthawi yoyamba chimwalirireni ndinamvetsera. Ndinawerenga mumtima monga anatiuzira aphunzitsi, mawu anu onse mpaka pa "chisanu". Palibe anayankha. Pamene tinayenera kulowanso kuti titsirize, mawu anga, mawu aja othamangitsa hatchi, sanatuluke. A Kilian anamaliza okha ndi kuuzira supu kwawo kuja, atandigwira dzanja ngati mwana. Pambuyo pake anauza anthu kuti fumbi la pansanja linandilowa m'maso ndi kukhosi. Munthu uja ndi wabodza kuposa ine, Mulungu amudalitse.

Titaika maliro, abusa anandiyitanira pambali. Ndi munthu wabwino, wachinyamata, koma akamayimba agalu amalowa pansi pa ngolo.

"Bambo Jobst, nyimbo ija yandigwira mtima," anatero. "Koma mwaona nokha madzi akugwera pafupi ndi bokosi. Nsanja yopanda woyimba ndi matabwa chabe."

"Woyimba alipo, abusa."

"Ali kuti?"

"Ali m'njira. Achimwene anga, mawu awo ku Danzig amaimitsa zombo panyanja. Amalinyero amaiwala kumene akupita."

"Anakulemberani kuti akubwera?"

"Hatchi inadya kalata yake, abusa."

Anandiyang'ana ngati mmene ankandiyang'anira aphunzitsi, kenako anati, "Mpaka Pasaka. Ikadutsa, mubwere ndi nyundo."

Ndiye mwaona pamene mwandiika, kapena pamene ndadziika ndekha. Thabwa lija ndinathyola ndakonza, ndaikapo la mgolo wanga wabwino kwambiri, lingathe kunyamula ng'ombe. Ndasesa nsanja yonse, ndachotsa zisa za nkhunda, ndapukuta dzina lanu ndi mafuta moti likuwala. Ndowa zolandira madzi ndakhoma zina, kuti abusa asamaone kwambiri kudonthako. Loweruka lililonse ndimakwera kukaona ngati mbewa sizinayambe pepala lanu. Ndimaimirira pamalo panu n'kuyang'ana kum'mwera, ndipo ndazindikira kuti zaka zonse zija munkandiona bwinobwino m'mphuno. Pepani.

Pempho langa ndi limeneli, achimwene. Bwerani. Minda kuno ili mbwee yopanda olima, mungasankhe umene mukufuna. Nyumba ya bambo athu ndi yaikulu, ndipo masiku ano yakula kwambiri, moti ndikayitana mbuzi kukhitchini mawu amabwerera mawa lake. Alamu anga akaopa mimbulu, muwauze kuti mimbulu ya kuno imandidziwa, ikamva fungo langa imasamukira ku Bohemia. Ngati kusamuka n'kovuta, bwerani nokha, Pasaka yokhayi. Mudzakwere, ndidzafunse, mudzayankhe, abusa adzamve ndi makutu awo kuti matabwa aja ali ndi mwini. Nyimbo ya a Rübsam palibe munthu anaimva yathunthu, ngakhale mwini wake. Ngati mawu anu anakalamba, musadandaule, anali ang'ono kale, palibe adzazindikire.

Koma ngati simubwera, ndidzagwira nyundo, poti ndinalonjeza, ndipo denga nalonso ndi la Mulungu. Thabwa la dzina lanu lokha ndidzaba. Limenelo abusa andikhululukire.

A Kilian akupereka moni, akuti nsapato zimene anakusokerani pochoka zija zinali zopitira ndi kubwerera, musanamizire nsapato. Mayi Kunigunde akupereka moni, akuti adzakuphikirani soseji ngakhale atachita kugwira nkhumba ya eni ake. Wogaya tirigu akupereka moni. Abusa akupereka moni, ngakhale ndikuona kuti sakukhulupirira kuti mulipodi. Mbuzi ikupereka moni. Apa ndi pamene mlamu wanu ankandilanda cholembera n'kujambula kamtanda kake, poti kulemba sankadziwa, n'kunena kuti, "Uwauze kuti theka la zimene walembazo asakhulupirire." Malo ake ndawasiya, sindilembapo kanthu.



Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa ana, muwauze kuti ali ndi bambo wawo wamng'ono amene dzulo lomweli anapha mimbulu khumi ndi supuni yophikira, wina n'kumupepesa. Ndanena zimenezi mokweza muno m'nyumba, ndipo ndadikira.

Mukalephera zonse, achimwene, tengani kapepala kakang'ono, mulembepo mawu awiri okha aja ankandiuza mlamu wanu ndikanama, mukakulunge m'chikopa chomwechi. Ine mbali yanga ndayimba. Tsopano ndatseka pakamwa, ndikuwerenga mumtima.

Ndine mng'ono wanu wa ku nsanja ya kum'mwera,

Jobst